Pa katoni palembedwa 3,500 MB/s, nanga seva ikukwawiranji?

Funso: "Ndimayang'anira makompyuta pa ofesi ya bungwe lina lobwereketsa ndalama ku Blantyre. Antchito tilipo 28. Seva yathu ili pa Ubuntu, RAM yake ndi 32 GB, ndipo pulogalamu ya ngongole imasunga zonse mu database ya PostgreSQL. Miyezi itatu yapitayo ndinachotsa hard disk yakale n'kuikamo SSD (disiki yopanda mbali zozungulira) ya mtundu wothamanga wa NVMe, ya 1 TB. Pa katoni panalembedwa 3,500 MB/s. Nditayesa liwiro lake ndi dd, kachida ka Linux kokopera deta, ndinapeza pafupifupi 2 GB/s, ndinasangalala. Koma mwezi ukamatha, aliyense akamalowetsa malipiro, seva imakwawabe. Mnzanga akuti anandigulitsa disiki yabodza. Ndiyeze bwanji kuti ndidziwe zoona?"

Yankho:

Achimwene, musathamangire kukakalipira amene anakugulitsani. N'kutheka kuti disikiyo ndi yeniyeni, ndipo nambala ya pa katoni si bodza. Kungoti nambalayo ikunena za ntchito ina, pomwe seva yanu ikugwira ina. Ndipo 2 GB/s ija, pepani, ndikukayika ngati inali ya disiki. Ndikuganiza kuti munayeza RAM.

Tiyambire pomwepo. Ambiri amalemba dd if=/dev/zero of=mayeso bs=1M count=1024 n'kudikira nambala. Linux ikalandira zoti ilembe, sithamangira nazo ku disiki. Imayamba yaziika mu RAM, m'malo otchedwa page cache, n'kuuza pulogalamuyo kuti zatheka, kenako n'kumazitsitsira ku disiki pang'onopang'ono kuseri. Mwa chikhazikitso chake imalola zodikira zoterezi kufika pa 20 peresenti ya RAM imene ili yopezeka isanayambe kuimitsa wolembayo. Pa seva ya 32 GB, fayilo ya 1 GB imalowa yonse m'menemo popanda kugunda malire. Hard disk yanu yakale ija ikanakupatsaninso nambala yokongola pa mayeso omwewo. Inenso zinandipusitsapo ndikuyamba ntchito: ndinalemba lipoti loyamikira seva yakale ya ofesi ina kuti ikuthamanga kuposa 1 GB/s, mkulu wina wa ntchitoyi anangoseka n'kundiuza kuti ndiwonjezere conv=fdatasync kumapeto kwa lamulolo. Nambala inagwa kakhumi. Mawu amenewo amakakamiza dd kudikira mpaka zonse zitafika pa disiki isananene liwiro. Palinso oflag=direct, imene imalambalala page cache. Komabe ngakhale mukonze zimenezi, dd imayeza mtundu umodzi wokha wa ntchito, ndipo si mtundu umene ukukuvutitsani.

Disiki imagwira ntchito za mitundu iwiri. Ina ndi yonga ya lole imene yanyamula matumba a chimanga kuchoka kumunda kupita ku nkhokwe imodzi: msewu umodzi, katundu wambiri, osaimaima. Kukopera kanema wamkulu kapena kupanga backup kuli choncho, ndipo liwiro lake limayezedwa mu MB/s. Ina ndi yonga ya wakabaza amene akugawa timaphukusi khomo ndi khomo m'Ndirande, kaphukusi aka ku Goliyo, kena ku Makata, kenanso kubwerera ku Goliyo. Kwa iye funso si loti wanyamula makilogalamu angati, koma wafika makomo angati, ndipo khomo lililonse lamutengera nthawi yotani. Pa madisiki, kuchuluka kwa maulendo oterewa pa sekondi kumatchedwa IOPS, ndipo nthawi ya ulendo umodzi ndi latency. Database ndi wakabaza. PostgreSQL imawerenga ndi kulemba timasamba ta 8 KiB tomwazikana m'mafayilo ake, SQL Server nayonso 8 KiB, InnoDB ya MySQL 16 KiB. Nambala ya pa katoni ndi ya lole.

Kusiyana kwake kumaonekera bwino pa hard disk. Ya 7,200 RPM imazungulira ka 120 pa sekondi, kutanthauza kuti kuzungulira kumodzi ndi 8.3 ms (ms ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi). Pofuna kachidutswa kena, mutu wowerengera umayenda kaye kukafika pa mzere wake, zimene zimatenga pafupifupi 8 ms, kenako umadikira kuti malowo afike pansi pake, theka la kuzungulira, 4.2 ms. Kuphatikiza ndi 12 ms, ndiye kuti pa sekondi maulendo sapitirira 80 kapena 100. Chulukitsani 80 ndi 4 KiB, mupeza kuti si theka n'komwe la MB imodzi pa sekondi. Disiki yomweyo ikamawerenga fayilo yaikulu motsatizana imafika 150 kapena 200 MB/s. Chipangizo chimodzi, nambala ziwiri zosiyana kambirimbiri, zonse zoona.

SSD ilibe mutu woyenda, choncho phompho limeneli ndi locheperako, koma lilipo. Ndipo pali chinanso chimene opanga sachilemba ndi zilembo zazikulu: mzere wa zopempha, queue depth. M'kati mwa SSD muli tchipisi tambiri ta NAND, tosungamo deta, timene timatha kugwira ntchito nthawi imodzi. Mukaipatsa zopempha 128 pakamodzi, tonse timatanganidwa, IOPS imakwera mpaka mazana a masauzande. SATA, njira yakale yolumikizira disiki ku kompyuta, imalola mzere umodzi wa zopempha 32. NVMe, imene malamulo ake oyamba anatuluka mu 2011, imalola mizere yoposa 65,000, uliwonse wautali chimodzimodzi. Ndiye opanga amayeza ndi mizere yodzadza. Koma kalaliki wanu akadina batani kuti aone ngongole ya munthu, PostgreSQL imawerenga tsamba limodzi la index (mlozera wa pamene pali deta), tsambalo ndilo limaiuza kumene kuli lotsatira, ndipo singapemphe lachiwiri isanalandire loyamba. Mzere wake ndi wa chopempha chimodzi. Ngakhale antchito onse 28 atadina nthawi imodzi, mzere sufika kutali.

Masamu ake ndi osavuta: IOPS ndi kutalika kwa mzere kugawa ndi latency. SSD ya NVMe ikamayankha chopempha chimodzi cha 4 KiB mu 0.08 ms, pa mzere wa chimodzi ipereka IOPS 12,500, zimene ndi 50 MB/s basi. Inde, 50, pa disiki ya 3,500. SSD yabwino ya SATA, imene pa katoni imalekezera pa 550 MB/s chifukwa chingwe cha SATA III sichipitirira 600, pa mayeso omwewa imapereka 30 kapena 40 MB/s. N'chifukwa chake munthu amene wachoka pa hard disk kupita pa SSD ya SATA amadabwa ndi kusintha, koma wochoka pa SATA kupita pa NVMe nthawi zambiri amangoti "ndimayesa zisintha kwambiri".

Tsopano tifike pamene ndikuganiza kuti pagona vuto lanu, chifukwa mwanena kuti zimavuta anthu akamalowetsa malipiro, kutanthauza polemba.

Database yosunga ndalama sikhulupirira mawu oti "zatheka" ochokera ku RAM. Kalaliki akasunga malipiro, PostgreSQL imalemba nkhaniyo mu kaundula wake wotchedwa WAL, kenako imaitana fsync kapena fdatasync, kumene ndi kuuza disiki kuti: usandiyankhe mpaka zimenezi zitakhala pamalo poti magetsi akathima sizifufutika. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. SSD nayo ili ndi kamemori kake kothamanga kamene imayamba yaikamo zolembedwa, ndipo za m'menemo zikadali pachala. SSD ya pa laputopu ikauzidwa fsync iyenera kutsitsadi zonsezo ku NAND, ndipo pamenepo imachedwa: zambiri zimatsika kufika pa maulendo mazana ochepa kapena chikwi ndi kanthu pa sekondi. SSD yopangidwira maseva ili ndi timakapasita timene timasunga mphamvu yokwanira kumalizitsa kulemba magetsi akazima mwadzidzidzi, power loss protection. Chifukwa cha timeneti imatha kuyankha fsync nthawi yomweyo popanda kunama, ndipo imafika masauzande ambiri pa sekondi. Mudzaona zodabwitsa: SSD ya maseva ya SATA, ya 500 MB/s pa pepala, ikusiya kutali NVMe ya 7,000 MB/s pa ntchito ya database. Pa katoni ya disiki ya m'sitolo simudzapezapo nambala ya fsync.

Mukafufuza pa intaneti mupeza wina akulangiza kuti muike fsync = off mu postgresql.conf. Seva idzaulukadi. Musayerekeze. Kwathu kuno magetsi amathima osatsanzika, UPS imene batire yake inatha kale imangolira kawiri n'kuzima, jenereta imatenga nthawi kuti idzuke. Tsiku limodzi lokha likhoza kuwononga database yonse, osati malipiro omalizira okha.

Nanga muyeze bwanji? Musanaikepo katundu wongopeka, yambani mwaona katundu weniweni. Ikani phukusi la sysstat, ndipo tsiku lotanganidwa la kumapeto kwa mwezi lembani iostat -x 5 n'kuisiya iziyenda. Yang'anani r/s ndi w/s, amene ndi IOPS yowerenga ndi yolemba; r_await ndi w_await, amene ndi latency mu ms; ndi aqu-sz, kutalika kwa mzere. Sysstat yatsopano imaonetsanso f/s ndi f_await, za kutsitsa kuja kwa fsync. Gawo la %util musalikhulupirire pa SSD: limangonena kuti disiki inali ndi chochita, osati kuti yafika pamapeto a mphamvu zake. Mukapeza kuti ma await onse ali pansi pa 1 ms pomwe anthu akudandaula, disiki ilibe mlandu, kafufuzeni kwina. Nthawi zambiri amakhala mafunso a SQL opanda index amene akuwerenga tebulo lonse, kapena lipoti la mwezi limene latsekereza ena onse. Pamenepo pg_stat_statements, kachida ka PostgreSQL koonetsa mafunso amene akudya nthawi, kakuthandizani kuposa mayeso aliwonse a disiki.

Mukaona kuti w_await kapena f_await ikukwera, tengani fio, pulogalamu yoyezera madisiki. Pulogalamuyi analemba ndi Jens Axboe, yemwenso amayang'anira gawo la madisiki mu kernel ya Linux. Ndi chida chimene opanga madisiki eni ake amagwiritsa ntchito. Chenjezo lisanadze lamulo: pa --filename muzilemba dzina la fayilo, osati /dev/nvme0n1. Mukaloza fio pa disiki yeniyeniyo n'kuiuza kuti ilembe, idzalemba pamwamba pa chilichonse osafunsa. Chitani Loweruka masana anthu ataweruka, backup ili pambali, PostgreSQL mutaiimitsa.

Mayeso oyamba, wakabaza wowerenga:

fio --name=kuwerenga --filename=/deta/mayeso.fio --size=50G --rw=randread --bs=8k --iodepth=1 --direct=1 --ioengine=libaio --runtime=120 --time_based

Ndaika 50G dala, kuti fayilo ipose RAM yanu, ngakhale --direct=1 ikulambalala kale page cache. Bwerezani ndi --iodepth=8, kenako 32, muone mmene IOPS ikukwerera ndi mmene latency ikukulira limodzi nayo.

Achiwiri, amene ndi ofunika kwambiri kwa inu:

fio --name=kaundula --filename=/deta/wal.fio --size=2G --rw=write --bs=8k --fdatasync=1 --ioengine=sync --runtime=120 --time_based

Apa fio ikutsanzira WAL: lemba 8 KiB, dikira disiki itsimikize, lembanso. PostgreSQL ilinso ndi kachida kake, pg_test_fsync, kamene kamachita zomwezi n'kuyesa njira zingapo zotsimikizira. Kayendetseni pa disiki yomwe pali WAL, osati kwina.

Powerenga zotsatira, diso lisakodwe pa avg. Tsikirani pamene palembedwa percentiles, muone 99.00th ndi 99.90th, kutanthauza nthawi imene zopempha 99 mwa 100, ndi 999 mwa 1,000, sizinaipitirire. Tiyerekeze kuti zopempha 99 mwa 100 zimatenga 0.2 ms koma chimodzi chimatenga 300 ms. Avereji ioneka yabwino, pafupifupi 3 ms. Koma tsamba limodzi la pulogalamu yanu likhoza kufuna zopempha 200, ndiye kuti pafupifupi kudina kulikonse kukumana ndi kuchedwa kuja kamodzi kapena kawiri. Munthu amene ali pa kauntala ndi kasitomala patsogolo pake samva avereji, amamva kuima kumeneko. Opanga etcd, database ina yaing'ono, amalangiza kuti 99th ya fdatasync ikhale pansi pa 10 ms. Ndi muyezo wabwino kuubwereka. SSD yoyenera seva iyenera kukhala pansi kwambiri pa pamenepo.

Pali msampha wina umene umagwira ngakhale odziwa. SSD yatsopano, yopanda kanthu, imathamanga kuposa mmene idzathamangire moyo wake wonse. Zifukwa zake ndi ziwiri. Choyamba, ma SSD ambiri a TLC ndi QLC amapatula gawo la NAND n'kumalilemba mwachangu ngati SLC, kutanthauza kachidutswa kamodzi ka deta (bit) pa selo m'malo mwa titatu ta TLC kapena tinayi ta QLC. Gawoli limakhala la magigabayiti makumi angapo, nthawi zina kuposa, ndipo limachepa disiki ikamadzadza. Lili ngati thanki ya pamwamba pa nyumba: madzi amatuluka mwamphamvu mpaka itaphwa, kenako mumalandira mmene mpope wa kumsewu ukudonthezera. Likadzadza gawoli, TLC yabwino imatsika ndi theka kapena kuposa, ndipo QLC yotchipa imatha kufika pa 100 MB/s, liwiro la hard disk imene munachotsa ija. Chachiwiri, NAND silembedwa pamwamba pa zakale. Iyenera kufufutidwa kaye, ndipo imafufutidwa m'zigawo zazikulu ngakhale kulemba kumachitika m'timasamba. Disiki ikadzadza, controller, kaubongo ka m'kati mwa SSD, imayamba kusamutsa zimene zikadali zofunika kuti ipeze chigawo choti ifufute, ntchito yotchedwa garbage collection, ndipo zopempha zanu zimadikira pa mzere. Kuchedwa kwa 99.90th kuja kumabadwira apa. Mwanena kuti papita miyezi itatu. Onani df -h. Ngati disiki yadutsa 80 peresenti, chimenecho ndi chizindikiro. Onaninso ngati fstrim.timer ikuyenda, chifukwa TRIM ndiyo imauza SSD malo amene mafayilo ake anafufutidwa.

Bungwe la SNIA, limene linalemba ndondomeko yoyezera ma SSD, limati disiki iyambe yalembedwa yonse kawiri, kenako iyezedwe mobwereza mpaka nambala zitakhazikika. Pa seva imene ikugwira ntchito simungachite zimenezo, ndipo kulemba kotereku kumadya moyo wa NAND. Koma mukagula disiki ina, chitani isanalowe mu seva. Pa imene ilipoyi, mayeso a randwrite a mphindi 20 kapena 30 ndi --status-interval=30 akuonetsani pamene liwiro likugwera. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mayeso a masekondi 10 amangoona thanki yodzadza.

Pamene mayeso akuyenda, tsegulani windo lina mulembe smartctl -a /dev/nvme0 muone kutentha. Ma NVMe ambiri amadzichepetsera okha liwiro akafika cha m'ma 70 kapena 80 digiri. Kachipinda ka seva kopanda mpweya wozizira mu Okutobala, ndi kadisiki kakang'ono ka NVMe kopanda chitsulo chochotsa kutentha, sizitenga nthawi kufika pamenepo. Pa tsamba lomwelo pali Percentage Used, imene imanena gawo la moyo wa disiki limene latha, ndi Unsafe Shutdowns, imene ikuuzani kuti magetsi anaidukira kangati.

Za mnzanu uja, sikuti walakwiratu. Madisiki abodza alipo, makamaka amene amanama kukula kwake. Lembani nvme list muone ngati dzina, nambala ndi firmware zikugwirizana ndi za pa katoni. Kachida ka f3 pa Linux, kapena H2testw pa Windows, kamadzadza malo opanda kanthu n'kuwerenganso kuti katsimikize kukula. Mukaona 931 m'malo mwa 1,000 musadandaule, kumeneko ndi kusiyana kwa kawerengedwe chabe: opanga amawerenga m'ma 1,000, kompyuta m'ma 1,024. Onaninso lspci -vv pa mzere wa LnkSta. Kuti mufike 3,500 MB/s pamafunika kuti disiki ilumikizidwe ku kompyuta pa PCIe 3.0 ya misewu inayi, imene imalembedwa 8GT/s ndi x4. Maseva akale ndi ma adaputala otchipa nthawi zina amapereka x2 kapena 5GT/s, liwiro la lole n'kudulidwa pakati. Ngakhale zili choncho, zimenezo sizikhudza kwenikweni fsync.

Kwa anzathu a Windows, CrystalDiskMark ndi yabwino poyambira, bola kudziwa mzere woti uwerenge. Wapamwamba, SEQ1M Q8T1, ndi umene anthu amajambula n'kutumizirana pa WhatsApp. Wapansi, RND4K Q1T1, ndi umene umafanana ndi zimene munthu amamva akamagwiritsa ntchito kompyuta. Fayilo yake yoyambira ndi 1 GiB, imene imakwana bwinobwino mu SLC ija, choncho ikulitseni. M'kati mwake imagwiritsa ntchito DiskSpd ya Microsoft, imene mungaiyendetse nokha: -Sh imazimitsa ma cache, -L imaonetsa latency.

Simunatchule RAID, njira yophatikizira madisiki angapo kuti imodzi ikafa deta isatayike, ndiye ndingodutsapo. Pa RAID 5 kulemba kachidutswa kamodzi kumabala ntchito zinayi pa madisiki, pa RAID 6 zisanu ndi imodzi, pa RAID 1 ndi 10 ziwiri. Khadi ya RAID imene batire yake yafa imasiya yokha kusunga zolembedwa mu memori yake, seva n'kuyamba kukwawa tsiku limodzi popanda amene wakhudza kanthu. Ndipo ngati mudzasamukire ku cloud, dziwani kuti kumeneko malire amaikidwa ndi mtengo: disiki ya Amazon ya mtundu wa gp3 imayambira pa IOPS 3,000 ndi 125 MB/s, pomwe gp2 yaing'ono imathamanga pa ngongole ya kanthawi n'kugwa ikatha. Chimene chandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu n'choti ndalama za anthu zili pa disiki imodzi yokha.

Mayeso aliwonse muwabwereze katatu, mulembe tsiku, kudzadza kwa disiki, kutentha ndi lamulo lonse limene munagwiritsa ntchito, kuti mudzathe kufananiza miyezi ikubwerayi. Mukapeza kuti mayeso a kaundula akupereka mazana ochepa pa sekondi, 99th yake ili m'ma 10 ms kapena kuposa, ndipo iostat ya kumapeto kwa mwezi ikuvomereza, pitani kwa abwana ndi mapepala awiriwo mukapemphe ma SSD awiri a maseva okhala ndi power loss protection, ngakhale a SATA a 960 GB, muwaike pa RAID 1. NVMe ija musaitaye. Ikani mu kompyuta ya amene amakonza makanema kapena malipoti akuluakulu, kumene 3,500 MB/s yake ikagwiredi ntchito.